Kodi NAS ingatisungiredi zithunzi za banja kuno ku Lilongwe?

Nachisale, Area 25

Moni nonse. Ndabwera ndi nkhani imene yandisowetsa mtendere kuyambira mwezi watha, ndipo ndikupempha inu amene mumadziwa za makompyuta kuti mundiunikire, poti mutu umodzi susenza denga.

M'banja mwathu wosunga zithunzi ndine. Palibe anandisankha, koma zinangochitika kuti pa chinkhoswe, pa ukwati, pa ubatizo wa ana, ngakhalenso pomanga chiliza cha malemu bambo athu ku Dowa, aliyense amangoti "tumizani kwa Nachisale", moti lero ndili ndi zithunzi ndi makanema a zaka zoposa 12 amene amwazikana m'malo asanu: laputopu yakale imene batire lake linafa kalekale, external imodzi ya 1TB, mafulashi atatu, ma memory card amene ndimasunga m'kabotolo komwe kale munali mankhwala, komanso mafoni athu awiri, yanga ndi ya bambo a kunyumba kuno.

Mwezi watha external ija inagwa pa tebulo mwana atakoka chingwe chake, ndipo nditailumikizanso inangoyamba kulira kuti tiki, tiki, tiki, osatseguka. Mnyamata wina wokonza makompyuta m'tauni anayesetsa mpaka anapulumutsa zambiri, koma foda ya chaka cha 2016 sinabwerenso, ndipo m'menemo ndi mmene munali kanema wa agogo athu aakazi akuimba pa ukwati wa mng'ono wanga. Agogowo anatisiya, ndipo mawu awo sanajambulidwe kwina kulikonse.

Alamu anga amene amakhala ku Johannesburg akuti ndigule chipangizo chotchedwa NAS, ndipo alonjeza kudzandinyamulira akamabwera mu Disembala. Ndisanawatumizire ndalama ndikufuna kudziwa kuti ndi mtundu uti woyenera banja wamba, ndigule ma hard drive angati ndiponso aakulu bwanji, kodi chimadya bandulo yochuluka motani, nanga chingapirire kuzimazima kwa magetsi kwa kuno?

a Gama, Area 47

Pepani kwambiri mayi Nachisale chifukwa cha kanema wa agogo uja. Kulira kumene munamva kuja kawirikawiri kumatanthauza kuti kadzanja kowerengera ka mkati mwa hard drive kawonongeka, ndipo munthu akamapitiriza kuiyatsa amakhala akukanda mbale zimene zasunga zithunzizo. Ngati mukadali nayo, musaiyatsenso ndipo musaitaye.

NAS ndi kakompyuta kakang'ono kopanda sikirini kapena kiyibodi, kamene m'mimba mwake mumalowa ma hard drive, ndipo kamalumikizidwa ku rauta ya m'nyumba ndi chingwe cha netiweki. Foni kapena laputopu iliyonse imene ili pa Wi-Fi ya m'nyumbamo imatha kutumizako zithunzi ndi kuzionanso. Pa funso lanu la bandulo, yankho ndi lokondweretsa: mukakhala pakhomo, ndipo foni mwaitchera kuti izipeza NAS kudzera pa adiresi yake ya m'nyumba, zithunzi zimachoka mu foni, kudutsa pa rauta n'kukalowa mu NAS popanda kutuluka kupita pa intaneti, choncho bandulo yanu siikhudzidwa ngakhale mutatumiza makanema usiku wonse. Bandulo imadyeka pokhapokha mukamaona zithunzizo muli kutali, kapena pamene chipangizocho chikukoka mapulogalamu atsopano. Komabe muyambe mwayang'ana kumbuyo kwa rauta yanu, chifukwa timaMiFi tambiri tam'thumba timene timagwiritsa ntchito kuno tilibe polowetsa chingwe, pamene NAS imafuna chingwe. Rauta za 4G zokhazika pa tebulo zija nthawi zambiri zimakhala napo polowetsapo.

Makampani odziwika kwambiri pa zipangizozi ndi Synology ndi QNAP, onse a ku Taiwan. Kwa munthu amene sakufuna kutaya nthawi ndi zaumisiri ine ndimakonda Synology, chifukwa pulogalamu yawo ya Synology Photos imatumiza yokha zithunzi zatsopano kuchokera mu foni mukangofika pakhomo, ndipo aliyense m'banjamo amakhala ndi chipinda chakechake kuphatikiza chipinda cha onse. Pa zokhala ndi malo a ma hard drive awiri, DS223j ndi yotsikirapo mtengo ndipo ili ndi 1GB ya RAM (malo amene kompyuta imasungamo mwakanthawi zimene ikugwira), pamene DS224+ ili ndi purosesa ya Intel ndi 2GB imene mungathe kuwonjezera. Ya mtengo wotsika ija imasunga bwinobwino, kungoti imachedwa ikamakonza zithunzi zikwizikwi ulendo woyamba. Muwakumbutse alamu anu kuti mabokosiwa amagulitsidwa opanda kanthu mkati, ma hard drive amagulidwa padera, ndipo asanalipire aone pa mndandanda wa kampaniyo ngati hard drive imene asankha imagwirizana ndi bokosilo.

Chifukwa chogulira ya malo awiri ndi chakuti ma hard drive awiriwo amatha kuikidwa kuti azikhala ngati mapasa, njira imene imatchedwa RAID 1, moti chilichonse cholembedwa pa imodzi chimalembedwanso pa inzake nthawi yomweyo. Imodzi ikafa, NAS imalira kukuchenjezani, inu n'kugula ina kulowetsa, ndipo yotsala ija imakopera zonse kwa yatsopanoyo. Izi zikutanthauza kuti mukagula awiri a 4TB, malo anu ndi 4TB osati 8TB, ndipo pa sikirini mudzaona pafupifupi 3.6TB chifukwa opanga ma hard drive amawerengera ndi 1000 pamene kompyuta imawerengera ndi 1024. Musadzaganize kuti akuberani.

Za kukula kwake, tiyeni tiwerengere limodzi. Chithunzi cha foni yamakono chimakhala cha pakati pa 3MB ndi 5MB, choncho 1TB imodzi ingasunge zithunzi pafupifupi 200,000, zimene mabanja ambiri sadzafikapo. Amene amadya malo ndi makanema: mphindi imodzi ya kanema wa 4K ingafike 350MB, kutanthauza kuti ola limodzi la mwambo wa ukwati likhoza kupitirira 20GB. Ngati zonse za zaka 12 zinkakwana mu external ya 1TB ndi timafulashi, awiri a 4TB adzakusungirani kwa zaka zambiri. Mugule opangidwira ntchito ya NAS, monga WD Red Plus kapena Seagate IronWolf. Liwu loti Plus lija musalinyoze, pakuti mu 2020 zinadziwika kuti ma WD Red ena ankagwiritsa ntchito njira yolembera yotchedwa SMR, imene imachedwa kwambiri pokopera mapasa aja imodzi ikafa, ndipo kuchokera pamenepo kampaniyo inapatula a njira ya CMR n'kuwatcha Red Plus.

Chomaliza, chimene ogulitsa sakonda kunena: mapasa aja amakutetezani ku imfa ya hard drive imodzi basi. Mwana akafufuta foda, imafufutika pa onse awiri nthawi imodzi, ndipo mbala ikanyamula bokosilo imanyamula onse awiri.

Nambewe, Kawale

Ine ndimajambula zithunzi pa maukwati ndi zinkhoswe, ndipo ngakhale ndikugwirizana ndi zonse zimene a Gama afotokoza, ndikufuna kufunsa ngati mayi Nachisale akufunikadi NAS panopa.

Zipangizozi zimagulidwa ndi ndalama zakunja, ndipo tonse tikukumbukira kuti mu Novembala 2023 kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti, moti chilichonse chochokera kunja chinakwera mtengo. Mukaphatikiza bokosi, ma hard drive awiri, UPS (kabokosi ka batire kopereka magetsi kwa kanthawi akazima) ndi msonkho wolowetsera katundu m'dziko, ndalama yake ingagule ma external abwino angapo n'kutsalako. Komanso bokosilo likadzawonongeka, chitsimikizo cha wogulitsa chidzakhala ku Johannesburg, osati pa Malangalanga.

Vuto limene ndikuona m'nkhani yanu mayi si kusowa kwa chipangizo chapamwamba, koma kuti kanema wa agogo uja anali pa malo amodzi okha. Akanakhala pa malo awiri, ngakhale otsika mtengo, bwenzi lero mukumuonera. Ojambula timatsatira lamulo lotchedwa 3-2-1, loti chinthu chofunika chikhale ndi makope 3, pa zipangizo za mitundu 2, ndipo kope 1 likhale kunja kwa nyumba. Makolo athu ankadziwa kale zimenezi, chifukwa mbewu yodzabzala sankaisiya m'nkhokwe momwe muli chimanga chakudya, koma ankaipachika padera pamwamba pa moto kuti anankafumbwe akalowa m'nkhokwe, chaka chamawa munda usagone.

Ine ndimachita motere. Ndili ndi ma external awiri ofanana, ina ndinaimata kapepala kofiira, ina kobiriwira. Loweruka loyamba la mwezi ndimakopera zonse zatsopano pa imene ili pakhomo, kenako Lamulungu ndikamapita kukaona mayi anga ku Chilinde ndimainyamula m'chikwama, kuisiya m'sutikesi mwawo n'kubwera ndi inzake ija kuti nayonso ndidzaidzaze. Kuipa kwake ndi kwakuti njirayi imadalira kuti munthu usachite ulesi, ndipo ndivomereze kuti nyengo ya maukwati ikafika pachimake pamatha miyezi iwiri ndisanasinthe. Apa ndi pamene NAS imandiposa, chifukwa iyo siiwala ndipo sitopa.

Kaya musankha njira iti, pali zinthu zimene muyenera kukonza kaye. Zithunzi zimene abale amakutumizirani pa WhatsApp zimafika zitafinyidwa, ndipo mukadzafuna kutsukitsa chachikulu chopachika pa khoma mudzaona nkhope zitachita mbuu, choncho muziwapempha kuti zofunika kwambiri azitumiza ngati document, kapena muzikopera kuchokera mu foni mwawo ndi chingwe akabwera kudzacheza. Mafulashi ndi ma memory card ogula pa msewu musawakhulupirire, pakuti alipo olembedwa 128GB amene mkati mwake muli malo ochepa kwambiri, ndipo amaoneka ngati alandira mafayilo onse koma tsiku lotsegula mumapeza zithunzi zosatseguka. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Pali kapulogalamu kaulere kotchedwa H2testw kamene kamadzaza fulashi yonse n'kuwerenganso kuti kaone kukula kwake kwenikweni. Za Google Photos, kumbukirani kuti kuyambira pa 1 Juni 2021 anasiya kupereka malo opanda malire, ndipo 15GB yaulere ija imagawidwa ndi Gmail komanso Drive. Ndi yochepa kwa makanema, koma ndi yokwanira kusunga zithunzi zosankhidwa bwino zokwana 2,000 kapena 3,000, zija zimene mungalire nazo zitatayika.

a Jere, Likuni

Ndili ndi NAS ya malo awiri kwa zaka zingapo tsopano, ndipo ndiyankha funso la magetsi limene anzangawa angolikhudza pang'ono.

Chipangizochi sichidya magetsi ambiri, chifukwa cha malo awiri chimakoka pafupifupi ma watts 15 chikamagwira ntchito, ndipo chimatsika kwambiri ma hard drive akagona. Chimene chimadana nacho ndi kuzimitsidwa mwadzidzidzi chili mkati molemba, komanso magetsi obwera ndi mphamvu yopitirira atazima. Amene tinali kuno mu 2022 tikukumbukira mmene zinalili namondwe Ana atawononga malo opangira magetsi a Kapichira mu Januwale chaka chimenecho, dziko n'kutaya pafupifupi ma megawatts 130, ndipo aliyense wogula NAS aganizire nyengo ngati imeneyo osati masiku abwino okha. Choncho UPS isakhale chinthu chodzagula m'tsogolo, koma ilowe m'nyumba tsiku limodzi ndi bokosilo. Musankhe UPS yokhala ndi polowetsa chingwe cha USB, chifukwa chingwe chimenecho ndi chimene chimauza NAS kuti magetsi azima, ndipo iyo imamaliza zimene imalemba n'kudziimitsa yokha batire lisanathe, ngakhale inu muli ku ntchito. UPS yopanda chingwechi imangochedwetsa ngozi ndi mphindi zochepa. Ngati pakhomo muli kale ndi sola ndi inveta, ndi bwino kwambiri, koma kumbukirani kuti mabatire a UPS nawonso amatopa pakapita zaka ziwiri kapena zitatu, ndiye muziwayesa pozimitsa pa khoma n'kuona ngati akugwirabe.

Mvula yoyamba ikamayandikira muziganiziranso za mphenzi. Chaka china mu Disembala inagunda pafupi ndi kwathu usiku, ndipo m'mawa ndinapeza rauta itada kumbuyo ikununkha pulasitiki wopsa, wailesi yakanema yosayaka, komanso polowetsa chingwe cha netiweki pa kompyuta patafa, ngakhale kompyutayo inali yozimitsa. Mphamvu ija inadutsa mu chingwe cha netiweki, osati mu soketi mokha. Kuyambira pamenepo kukayamba kugunda ndimazimitsa NAS n'kuzula zingwe zonse ziwiri, cha magetsi ndi cha netiweki.

Malo oikapo nawonso ndi nkhani. Fumbi la Lilongwe la mwezi wa Seputembala ndi Okutobala limadzaza kafani ka kumbuyo, ndipo kutentha kwa nyengo imeneyo sikukomera ma hard drive, choncho musaitsekere m'kabati yopanda mpweya, musaiike pansi, ndipo muzipukuta fumbilo miyezi ingapo iliyonse. Musaiikenso pafupi ndi wailesi yakanema pa balaza, poti mbala ikalowa imayambira pomwepo, ndipo kabokosi kothwanima timagetsi imakanyamula isanadziwe n'komwe ntchito yake.

Pali mbala zinanso zosathyola chitseko. Mu Juni 2021 anthu ambiri okhala ndi WD My Book Live, chipangizo chakale chimene kampani yake inali itasiya kale kuchikonzera mapulogalamu, anadzuka n'kupeza zonse zitafufutidwa kudzera pa intaneti, ndipo mu 2022 kachilombo ka pa kompyuta kotchedwa DeadBolt kanatseka mafayilo pa ma NAS ambiri a QNAP, eni kachilomboko n'kumafuna dipo la Bitcoin. Amene anavutika kwambiri ndi amene zipangizo zawo zinali zotsegukira ku intaneti mwachindunji. Ndiye musatsegule makomo a pa rauta (ma port) olowera kuchokera pa intaneti, muzimitse UPnP imene imalola zipangizo kudzitsegulira zokha makomowo, musagwiritse ntchito akaunti ya dzina loti admin, ndipo chipangizocho chikapempha kuti chikonzedwe ndi mapulogalamu atsopano muzilola. Mukafuna kuona zithunzi muli kutali, pali QuickConnect ya Synology kapena Tailscale, zimene zimagwira ntchito popanda kutsegula makomowo. Muyatsenso bini ya zofufutidwa pa foda iliyonse, ndipo ngati bokosi lanu likulola njira yolembera mafayilo yotchedwa Btrfs muyatse ma snapshot, amene amakulolani kubwezera foda mmene inalili dzulo kapena sabata yatha mwana akaifufuta.

Pa mfundo ya mayi Nambewe yosunga kope kwina, ine ndingowonjezera kuti abale athu a ku Chilobwe ndi Soche mu Blantyre amene nyumba zawo zinakokoloka ndi namondwe Freddy mu Malichi 2023 sakanathandizidwa ndi makope atatu okhala m'nyumba imodzi.

Nachisale, Area 25

Zikomo kwambiri nonse, mwanditsegula maso. Ndayang'ana kumbuyo kwa rauta yathu ndipo polowetsa chingwe palipo. Usiku wathawu tinakambirana ndi bambo a kunyumba, ndipo tagwirizana kuti tisadikire Disembala: sabata ino tigula external yatsopano, tisonkhanitse zonse za m'malo asanu aja pa laputopu ndi pa external imeneyo, m'mafoda a chaka ndi chaka, ndipo alamu akadzabweretsa NAS ndi ma hard drive awiri a 4TB, external yatsopanoyo izidzakhala kwa akulu anga ku Area 18 monga amachitira mayi Nambewe.

Koma bambowa afunsa funso limene ndalephera kuyankha. Akuti tsiku limene bokosi lenilenilo lidzafe, ma hard drive ali amoyo, kodi tingawatulutse n'kuwalumikiza ku laputopu kuti titenge zithunzi zathu, kapena tidzakhala akapolo a kampani imodzi mpaka kalekale?

a Gama, Area 47

Funso la bambowo ndi lanzeru, mayi. Zithunzi sizifa ndi bokosi, koma ma hard drive a mu NAS amalembedwa m'njira za Linux (pulogalamu yoyendetsera kompyuta yosiyana ndi Windows), zotchedwa ext4 kapena Btrfs, zimene Windows siiwerenga payokha. Mukalumikiza imodzi ku laputopu ya Windows, ikhoza kukufunsani ngati mukufuna kuikonza kapena kuichita format, ndipo pamenepo mukane, chifukwa mukavomera mwafufuta zonse ndi dzanja lanu. Njira yosavuta ndi kulowetsa ma hard drive onse awiri mu bokosi lina la kampani yomweyo, motsatira dongosolo limene analili, n'chifukwa chake ndi bwino kuwalemba 1 ndi 2 ndi cholembera tsiku lowaika. Njira ina ndi kuwawerenga pa kompyuta ya Ubuntu (mtundu wina wa Linux), ndipo Synology inalemba malangizo ake a mmene izi zimachitikira, amene wokonza makompyuta wodziwa Linux angathe kutsatira.

Kuti musadzafike pamenepo muli ndi nkhawa, external ya ku Area 18 ija ikhale ya NTFS kapena exFAT (njira zolembera zimene Windows imawerenga), ndipo zithunzi zizikoperedwa mmenemo ngati mafayilo wamba, kuti akulu anu kapena ana anu azitha kuitsegula pa kompyuta iliyonse popanda pulogalamu yapadera. Ulendo uliwonse mukaitenga, mutsegule zithunzi zingapo za zaka zosiyanasiyana ndi kanema mmodzi mpaka kumapeto, kuti mutsimikize kuti zikuwerengeka. Mawu achinsinsi a NAS muwalembe m'kabuku kamene mumasunga pamodzi ndi zikalata za nyumba, ndipo munthu wachiwiri m'banjamo adziwe pamene kali.

Za kanema wa agogo, musanataye mtima mufunse mng'ono wanu za munthu amene anajambula ukwati wake mu 2016, popeza ojambula ambiri amasunga ntchito zawo zakale, komanso mufunse m'gulu la WhatsApp la banja ngati wina akadali ndi foni kapena memory card ya nthawi imeneyo m'dirowa.